Mpando wa Agogo Anaupereka kwa Mlendo

 Ena muli pa golosale mukudikira makasitomala, ena muli m'minibasi, ena muli mu ofesi mwatsitsa wailesi kuti abwana asamve. Ngati abwanawo ali pafupi, lero ikwezeni ndithu, chifukwa nkhaniyi ikukhudza iwowo kuposa wina aliyense.

Tinazolowera kumva madandaulo a anthu osowa ntchito. Lero tiyeni tiime mbali inayo, ya munthu amene amalemba anzake ntchito. Taganizirani makampani awiri ogulitsa katundu wofanana. Amaoda kumodzi, amakongola ndalama ku mabanki omwewo, magetsi akazima amazimira onse, mafuta akasowa onse amakagona pa mzere. Koma pakatha zaka zisanu mupeza ina yatsegula nthambi zatsopano, pamene inayo yatseka ndipo antchito ake akulondola malipiro awo ku ofesi ya zantchito. Kusiyana kuli pati?

Makina mukagula lero, mnzanu wopikisana naye akagula omwewo mawa. Mukatsitsa mtengo m'mawa, iye atsitsa masana. Chimene sangakopere msanga ndi mutu wa munthu amene mwamukhazika pa mpando. Izi aliyense amavomera ndi pakamwa. Funsani bwana aliyense, akuuzani kuti chuma chachikulu cha kampani yake ndi antchito. Koma kaoneni amene wamulemba kuti aziwerengera ndalama, amene wamupatsa makiyi a kosungira katundu, amene wamutumiza kukayang'anira nthambi ya ku Mzuzu. Mukawaona amenewo ndiye mudziwa chimene bwanayo amakhulupirira mumtima mwake.

Ndabwera ndi nkhani ya kampani ya galimoto ya ku America, ya Ford. Dzinali si lachilendo kwa ife. Ma Ford Ranger amene amagulitsidwa kuno kumwera kwa Africa amapangidwira ku Silverton, mumzinda wa Pretoria. Kampaniyi anaiyambitsa ndi Henry Ford m'chaka cha 1903, ndipo mpaka lero banja lake lidakali ndi mawu amphamvu pa mavoti a eni masheya. Mu 2001 mpando wa mkulu woyendetsa kampani unapita kwa Bill Ford, mwana wa mdzukulu wa Henry. Mwini wake weniweni, magazi ake enieni.

Pofika 2006 zinthu zinali zitafika pa mwana wakana phala. Chaka chimenecho chokha kampaniyi inaluza ndalama zoposa madola 12 biliyoni. Inkadalira kwambiri magalimoto akuluakulu omwa mafuta ambiri, pamene mafutawo ankangokwera mtengo ndipo ogula ankathamangira ku Toyota ndi ku Honda. Inalinso itadziunjikira mayina ambiri, Jaguar, Land Rover, Volvo, Aston Martin, ndipo lililonse linkafuna ndalama ndi nthawi ya mabwana. M'katimo namo munali matenda ake. Nthambi ya ku Ulaya inkapanga zake, ya ku America zake, bwana aliyense akuteteza ufumu wake. Kuvomera vuto pamaso pa anzako kunali kudzikumbira dzenje.

Apa ndi pamene Bill Ford anachita chinthu chimene ine ndimati ndicho mtima wa nkhani yonseyi. Anavomera kuti ntchito yamukulira. Munthu amene dzina la banja lake lili pa galimoto iliyonse yotuluka m'fakitale anavomera kuti pakufunika wina womuposa. Mu Seputembala 2006 anapereka mpando wa mkulu woyendetsa kampani kwa Alan Mulally, iye n'kutsala wapampando wa bodi.

Mulally ameneyu sanali wa m'banja, sanali wa ku Ford, ndipo ku kampani ya galimoto anali asanagwireko ntchito ngakhale tsiku limodzi. Zaka 37 anathera ku Boeing, kopanga ndege. Ndi injiniya amene anatsogolera ntchito yopanga ndege ya Boeing 777, kenako anayendetsa nthambi yonse ya ndege zonyamula anthu pa nyengo yowawa ya pambuyo pa chiwembu cha pa 11 Seputembala 2001, pamene makampani ambiri anasiya kuoda ndege. Mu 2005 mpando waukulu wa ku Boeing unamudumpha n'kupita kwa wina. Atafika ku Ford, anthu a m'makampani a galimoto anagwedeza mitu. Munthu wa ndege adziwa chiyani za galimoto? Ndiye kuwonjezera apo, galimoto imene ankayendera panthawiyo inali Lexus, ya Toyota, mdani weniweni.

Koma Bill Ford sankafuna munthu wodziwa injini. Odziwa injini anali nawo masauzande. Chimene chinkasowa ndi munthu wodziwa kumanga pamodzi anthu ambirimbiri kuti atulutse chinthu chimodzi pa nthawi yake, komanso munthu wopanda mangawa a ubale kapena a chinzake kwa wina aliyense m'kampanimo. Makolo athu anati mlendo ndi amene amayenda ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo kaja kamameta pokhapokha eni mudzi atavomera kuti tsitsi lakula, n'kuweramitsa mutu. Mvetsetsani bwino pamenepa: asanafune munthu, Bill Ford anayamba wadziwa chimene chikusowa pakhomo pake.

Nanga Mulally anachita zotani zodabwitsa? Mwina mukuyembekezera kumva kuti anachotsa mabwana onse n'kubweretsa anzake a ku Boeing. Ayi ndithu. Ambiri mwa akuluakulu amene anawapeza anawasunga. Chimene anabweretsa ndi msonkhano. Lachinayi lililonse m'mawa, akuluakulu onse a nthambi ankakhala pamodzi, aliyense n'kufotokoza mmene ntchito yake ikuyendera, pogwiritsa ntchito mitundu itatu. Chobiriwira, zili bwino. Chachikasu, pali chovuta koma njira ilipo. Chofiira, pali vuto ndipo njira sinapezeke.

Masabata oyambirira mapepala onse ankabwera obiriwira. Kampani ikuluza mabiliyoni, koma bwana aliyense akuti kwake kuli bwino! Mulally anawafunsa kuti zitheka bwanji kuti zonse zili bwino pamene ndalama zikutayika chonchi. Anthu anangoti chete, chifukwa ankadziwa mwambo wa pamalopo. Kenako tsiku lina Mark Fields, amene ankayang'anira nthambi ya ku America, anabwera ndi pepala lofiira. Galimoto yatsopano ya Ford Edge inali ndi vuto pa chitseko cha kumbuyo, ndipo iye anali atalamula kuti isatumizidwe kaye kwa ogulitsa. M'chipindamo ena anaganiza kuti ntchito yake yathera pomwepo. Mulally anaomba m'manja, n'kufunsa kuti ndani angathandize. Mmodzi anati atumiza akatswiri oona ubwino wa katundu, wina anati alankhula ndi opanga chipangizocho. Masabata otsatira mapepala aja anayamba kusintha mitundu, ofiira n'kuchuluka. Mavutowo analipo kale, koma tsopano anali atafika pa tebulo pamene akanatha kukonzedwa.

Ndikufuna tiime kaye pamenepa, chifukwa ambiri tikamva za katswiri timaganiza za munthu wodziwa zonse, wobwera ndi mayankho m'thumba. Mulally sanakonze chitseko cha Edge. Sakanatha n'komwe. Luso lake linali lochotsa mantha pa anthu amene ankadziwa kukonza. Ford inali ndi anthu aluso kale, koma luso lawo linkathera pobisa zolakwika ndi kutchingirana. Munthu mmodzi woyenera pa mpando woyenera anamasula mitu mazanamazana imene kampani inkailipira kale mwezi ndi mwezi. Phindu lalikulu la kulemba munthu waluso lili pamenepo: amachititsa kuti anzake onse agwire bwino, pamene munthu wolakwika pa mpando womwewo amafooketsa onse amene ali pansi pake.

Panalinso ziganizo zolimba. Kumapeto kwa 2006 Ford inakongola madola oposa 23 biliyoni, n'kupereka chikole pafupifupi chilichonse chimene inali nacho, mafakitale, ngakhale chizindikiro chake chija cha buluu cholembedwa dzina la banja. Ambiri anati ndi misala. Inagulitsa Aston Martin mu 2007, Jaguar ndi Land Rover kwa Tata ya ku India mu 2008, Volvo kwa Geely ya ku China mu 2010, kuti mphamvu zonse zipite pa dzina limodzi. Mulally atapeza kuti dzina la Taurus, galimoto imene anthu a ku America ankaidziwa bwino, analitaya, analamula kuti libwerere. Ndipo pamene anaona kuti m'nyumbamo mulibe munthu wokwanira pa ntchito yotsatsa malonda, anapita kwa mdani yemweyo. Mu 2007 anatenga Jim Farley ku Toyota. Farley ameneyo ndi amene anadzakhala mkulu woyendetsa Ford mu 2020.

Kenako mavuto a zachuma a 2008 anagwa. Mabanki anatseka mipopi ya ngongole, anthu anasiya kugula magalimoto. Ford inaluzanso madola oposa 14 biliyoni chaka chimenecho. Koma inali ndi ndalama m'thumba, zimene inakongola mabanki asanatseke. Opikisana nayo awiri analibe. Chrysler inapita ku khoti kukalengeza kuti yalephera kubweza ngongole mu Epulo 2009, General Motors inatsatira mu Juni, ndipo onse awiri anapulumuka ndi ndalama za boma. Ford sinapite ku khoti. Mu 2009 inapanga phindu la madola 2.7 biliyoni, mu 2010 phindu linapitirira 6 biliyoni, ndipo mu 2012 chizindikiro chija chinaomboledwa pa chikole.

Pano ndisakunamizeni kuti zonsezi ndi ntchito ya munthu mmodzi. Ndondomeko ya ngongole ija inayamba kukonzedwa Mulally asanafike. Ndondomeko yotseka mafakitale nayonso anaipeza, iye anangoipitiriza ndi kuifulumizitsa, ndipo anthu masauzande ambiri anataya ntchito. Kwa mabanja amenewo nkhaniyi si yokoma monga mmene ndikuifotokozera. Ford inalandiranso ngongole ya boma ya madola 5.9 biliyoni mu 2009, yothandizira kupanga magalimoto osamwa mafuta ambiri. Ndipo munthuyo sanabwere motchipa: pa miyezi yochepa ya 2006 yokha, zonse zimene kampani inamupatsa zinafika pafupifupi madola 28 miliyoni, zina mwa izo zolipirira zimene anasiya ku Boeing. Anthu anadandaula, ndipo dandaulo lawo linali lomveka pamene anzawo akuchotsedwa ntchito. Komabe mukaika ndalama imeneyo pambali pa mabiliyoni amene ankatayika chaka chilichonse, muona kuti chimene chinali chodula kwambiri chinali kukhala opanda munthu woyenera.

Tsopano wina anganene kuti, chabwino, tamva, tiyeni tikasake dzina lotchuka tilipatse mpando. Dikirani kaye. Ku America komweko kuli kampani ya masitolo a zovala yotchedwa JCPenney. Mu Novembala 2011 inatenga Ron Johnson, munthu amene anamanga masitolo a Apple, amene dziko lonse linkawasirira. Atafika anathetsa chizolowezi chotsitsa mitengo pafupipafupi ndi timapepala tochotsera mtengo, zimene makasitomala a sitoloyo ankazikonda. Sanayeseko kaye m'masitolo ochepa kuti aone, anangosintha onse nthawi imodzi. Makasitomala anathawa. M'chaka chimodzi malonda anatsika ndi pafupifupi 25 peresenti, kampani inaluza ndalama zoyandikira dola biliyoni imodzi, ndipo mu Epulo 2013 Johnson anachotsedwa. Munthuyo anali waluso, palibe wokana. Koma luso lake linakulira pogulitsa foni zimene anthu ankazigonera pa mzere, ndipo anabwera ndi mayankho asanamve mafunso a anthu ogula masokosi ndi mapilo.

Pulofesa wina wa ku Harvard, Boris Groysberg, anafufuza nkhani imeneyi. Anatsatira akatswiri oposa 1,000 ounika masheya m'mabanki a ku Wall Street, aja amene ankatengedwa kuti ndi nyenyezi. Anapeza kuti ambiri akasamukira ku banki ina, ntchito yawo inkatsika, ndipo kwa ena kutsikako kunkatenga mpaka zaka zisanu. Amene anasamuka pamodzi ndi anzawo ogwira nawo ntchito sanatsike chimodzimodzi. Tanthauzo lake n'lakuti gawo lalikulu la luso la munthu limakhala mwa anzake, mu zipangizo ndi m'chikhalidwe cha malo amene akugwirako. Anapezanso chinthu china chimene mabwana aamuna ayenera kuchimva: akatswiri aakazi ankasamuka ndi luso lawo bwino kuposa aamuna, mwa zina chifukwa ankayamba afufuza mosamala malo amene akupitako.

Okonda mpira, nanunso muli ndi umboni wanu. Mukukumbukira Leicester City mu 2016, pamene inatenga ligi ya ku England, matimu a ndalama zambiri akungoyang'ana. Jamie Vardy anamugula mu 2012 ku Fleetwood Town, timu ya m'maligi a pansi, pa mtengo wa mapaundi 1 miliyoni. Riyad Mahrez anamutenga ku Le Havre, mu ligi yachiwiri ya ku France, pa ndalama yosafika theka la miliyoni. N'Golo Kanté anachokera ku Caen pa mtengo wa mapaundi 5.6 miliyoni, ndipo patangotha chaka Chelsea inamugula ndi ndalama zoposa 30 miliyoni. Anyamata amenewa aliyense akanatha kuwaona, sanabisidwe. Leicester inali ndi munthu wa diso, Steve Walsh, amene ankayang'ana zimene wosewera akuchita m'bwalo osati kutchuka kwa dzina lake. Koma imvani mmene inathera. Everton inamutenga Walsh yemweyo mu 2016, inamupatsa mpando waukulu ndi ndalama zambiri zogulira osewera, ndipo pofika 2018 anali atachoka zinthu zisanayende. Munthu yemweyo, diso lomwelo, malo osiyana.

Tibwere kwathu kuno. Mabizinesi athu ambiri ndi a m'banja, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Ford nayo ndi ya m'banja. Koma tonse tikudziwa mabizinesi amene anali ndi mabasi, zigayo, masitolo ndi malo ogona alendo, amene anatha pamene mwini wake anaikidwa m'manda. Kawirikawiri chifukwa chake n'chimodzi. Mwiniyo ali moyo ankachita zonse yekha, ndipo amene anamuzungulira anasankhidwa poona kuti ndi mwana wa achemwali, ndi mlamu, ndi wa kumudzi kwathu, ndi wa mpingo wathu. Ndikumvetsa chifukwa chake. Munthu amaopa kuberedwa, ndiye amati bola wachibale. Komanso ukakhala ndi kanthu, mudzi wonse umakuyang'ana kuti ulembe ana awo. Si chinthu chapafupi kukana azakhali.

Koma taonani mtengo wake. Wachibale akalakwitsa simungamudzudzule momasuka, chifukwa nkhani ikafika kumudzi inuyo musanduka woipa. Akasowetsa ndalama simungamutengere ku polisi. Ndipo wantchito waluso amene si wachibale akaona kuti mpando wapamwamba ndi wa a m'banja okha, amasiya kudzipereka, kapena amachoka n'kukalowa kwa mnzanu wopikisana naye uja, atanyamula nzeru zonse zimene anaphunzira kwa inu. Sindikunena kuti wachibale asalembedwe. Alipo achibale aluso kwambiri. Ndikunena kuti ayesedwe ndi muyeso womwewo umene mukuyesera mlendo, ndipo ngati walephera, muthandizeni ndi fizi ya sukulu kapena mpamba wake wapadera, osati ndi makiyi a bizinesi yanu.

M'makampani akuluakulu ndi m'mabungwe a boma matendawa amavala suti. Ntchito imalengezedwa m'nyuzipepala munthu atapezeka kale. Achinyamata amabwereka ndalama ya basi kuchokera ku Karonga kapena ku Nsanje kudzapanga intavyu imene zotsatira zake zinalembedwa kale. Ena amapemphedwa kangachepe, ndipo atsikana ena amapemphedwa zochititsa manyazi kuzitchula pa wailesi. Timazitenga ngati nkhanza kwa wofuna ntchitoyo, ndipo ndi nkhanzadi, komanso ndi mlandu. Koma eni kampani adziwe kuti bwana wochita zimenezi akuwabera iwonso. Aliyense wolowa pa khomo la kuseri watseka malo a munthu amene akanabweretsa makasitomala, akanaona kuti ndalama zikudontha pati, akanakonza makina asanafe.

Anthu aluso alipo m'dziko muno. Chaka chilichonse akutuluka ku MUBAS, ku MUST, ku LUANAR, ku Mzuni, ku UNIMA, ndi m'makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA. Alipo enanso opanda pepala lililonse amene injini akangoimva kulira amadziwa chimene chavuta. Vuto ndi mmene timawasakira. Timakonda mapepala ndi Chingerezi chosalala. Munthu akalankhula bwino pa intavyu timati tapeza katswiri, pamene tangopeza wodziwa kulankhula. Mukufuna makaniko? Muikireni galimoto yakufa aidzutse. Mukufuna wowerengera ndalama? Mupatseni mabuku osokonekera apeze pamene palakwika. Wogulitsa malonda mutumeni pamsika tsiku limodzi muone chimene abwere nacho. Lamulo lathu la zantchito la chaka cha 2000 limalola nthawi yoyeserera munthu wa luso mpaka miyezi 12. Nthawi imeneyo ndi yoti muone ntchito yake ndi kumuphunzitsa, si njira yopezera wantchito wotchipa woti muzimuchotsa ikatha.

Mukamupeza, ntchito ina yatsala, yomusunga. Henry Ford mwini wake anakumana nazo. Mu 1913 kampani yake inalemba anthu oposa 50,000 kuti isunge malo a antchito pafupifupi 14,000, chifukwa anthu ankangolowa ndi kutuluka. Mu Januwale 1914 anakweza malipiro kufika madola 5 pa tsiku, kuposa kuwirikiza kawiri. Sichinali chifundo chokha. Anawerengera n'kupeza kuti kuphunzitsa munthu watsopano sabata iliyonse kunkamudyera ndalama zambiri. Ifenso tinaziona m'zipatala zathu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene anamwino ophunzitsidwa ndi misonkho yathu ankakwera ndege kupita ku Britain. Mu 2005 boma, mothandizidwa ndi Britain komanso Global Fund, linawonjezera 52 peresenti pa malipiro a magulu angapo a ogwira ntchito zachipatala, n'kuwonjezeranso chiwerengero cha ophunzira. Luso lili ndi msika wake, ndipo msikawo sulekezera pa malire a dziko. Lero ndi intaneti mnyamata wodziwa kulemba mapulogalamu a kompyuta akhoza kukhala ku Area 25 akugwirira ntchito kampani ya ku Ulaya, osakufunsani n'komwe.

Mwina inu a bizinesi yaing'ono mukuti, ife tilibe mabiliyoni, sitingapikisane ndi mabanki kapena makampani a foni pa malipiro. N'zoona. Koma funsani telala waluso, wokonza tsitsi waluso kapena wowotcherera zitsulo waluso chimene chinamuchotsa kumene anali. Ambiri sadzayamba ndi kuchepa kwa ndalama. Adzakuuzani za malipiro obwera pa 15 mwezi wotsatira, za kutukwanidwa pamaso pa makasitomala, za maganizo awo amene bwana ankawakana kenako n'kuwanena ngati ake. Zimenezi kuzikonza sikufuna ngongole ya ku banki. Ndipo kumbukirani kuti m'ntchito zoterezi kasitomala amatsatira dzanja, satsatira chikwangwani. Telala uja akachoka, amayi onse amene ankawasokera amapita naye.

Chovuta kwambiri pa zonsezi, ndipo ndikunena kwa inu eni mabizinesi ndi inu a m'mabodi, ndi kupirira munthu wokuposani. Ambiri timafuna wantchito waluso koma womvera chilichonse, wanzeru koma wosatitsutsa. Munthu wotero kulibe. Amene amadziwa ntchito yake adzakuuzani kuti galimoto imene mukufuna kugula bizinesi singaikwanitse, kuti ndalama za mu shopu si za m'thumba lanu, kuti mwana wanu sakukwanitsa pa kauntala. Mulally atayamba kusintha zinthu, ena anayesa kumudutsa kukadandaula kwa Bill Ford, ndipo ngakhale m'banjamo munali ena okayika. Bill Ford anaima naye. Akanangolola kamodzi kuti anthu azimulambalala, mlendo uja akanasanduka chidole chodula, ndipo pepala lofiira silikanaonekanso pa tebulo. Mulally anakhala mpaka 2014, n'kusiyira mpando Mark Fields yemwe uja wa pepala lofiira.

Choncho pamene mpata wa ntchito utseguke pa kampani yanu, pa shopu yanu, pa sukulu yanu kapena pa bungwe lanu, musanaimbire foni wina aliyense, khalani pansi mulembe chimene chikukuvutani ndi chimene munthu watsopanoyo ayenera kukonza. Lengezani poyera. Yesani anthu ndi ntchito yeniyeni, ndipo pa gulu loyesalo pasakhale wachibale wa woyesedwa. Amene wapambana mulipireni pa tsiku lake, mumupatse mphamvu yogamula zinthu za m'gawo lake. Ndipo tsiku limene adzabwere mu ofesi mwanu kudzakuuzani kuti bwana apa mwalakwitsa, mupatseni mpando akhale, mumve mpaka amalize.